Mifuwuliro Iwiri pa Kompyuta ya Injiniya

Sajeni sankaukonda mlandu wobwera utapsa kale. Mayi ameneyu anakalambira mu yunifomu, ndipo ankadziwa kuti mlandu ukafika pa tebulo uli ndi wakuba wake, umboni wake ndi chigamulo chomwe, pali wina amene wauphika mothamanga. Uwu unali wa mtundu umenewo.

Lole ya kampani ina yonyamula katundu inatuluka pa geti ndi makatoni a mankhwala opita ku zipatala zing'onozing'ono, n'kukafika ndi makatoni a mchenga. Dalaivala anaisiya pomwepo n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Pa loleyo panali kachipangizo kotumiza ku kompyuta yaikulu ya kampani malo alionse amene lole yaima, choncho kupeza kumene anatsitsira mankhwalawo kukanakhala ngati kumwa madzi. Koma mawa lake, nthawi ya nkhomaliro, wina anafufuta zonse za ulendowo. Anafufutira pa kompyuta ya mtsikana amene tsopano anali atakhala moyang'anizana ndi Sajeni, maso ali psuu chifukwa chogona pa simenti.

Kuntchito ankamutchula Injiniya, poyamba monyogodola, kenako mwaulemu. Sajeni akapanda kupeza china, kutacha anayenera kumutengera ku khoti. Ndipo pa ntchito ya makompyuta, munthu akangotchulidwa kuti anafufuta zinthu za abwana ake, palibenso amene angamupatse pasiwedi, ngakhale khoti litamumasula.

"Akuti unafufuta, kenako unasesa mapazi ako," anatero Sajeni. "Pali fayilo imene imasunga zonse zimene munthu walamula kompyuta. Imeneyonso inachotsedwa."

"Fayilo yake iti?"

Sajeni anayang'ana pa pepala n'kutchula dzinalo movutikira, ngati akutafuna fupa. Linali ndi mawu akuti bash.

Mtsikanayo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "A Sajeni, imeneyo si yanga. Munthuyo anasesa pakhomo pa eni."

"Lankhula zoti ndimve. Ine sukulu yanga inali ya mfuti."

"Kompyuta yaikulu ija timailamula polemba pa windo lakuda. Chimene chimalandira malamulowo timati shelo. Muziiona ngati kalaliki wa pa kauntala. Akalalikiwa alipo angapo, aliyense ndi khalidwe lake, ndipo aliyense amasunga payekha zimene wauzidwa. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito bash. Ine ndinaisiya ndili pa sukulu. Yanga ndi fish."

"Ndiye kalaliki wakoyo akukumbukirabe?"

"Ngati palibe wakhudza kompyuta yanga, akukumbukira zonse."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndani anandifunsa? Anzanu aja ankangofuna kudziwa kuti mankhwala ndagulitsa kwa ndani."

Sajeni sanawaikire kumbuyo anzakewo, poti ankawadziwa. Anangotenga makiyi a galimoto.

* * *

Chipinda cha makompyuta chinali kumapeto kwa khonde, kuseri kwa ofesi ya maakaunti. Chinalibe windo. Pakona panali kabati yachitsulo yong'ung'udza yosungira kompyuta yaikulu ija, timagetsi tobiriwira tikuphethira, ndipo makina oziziritsa ankapopa mphepo yoti munthu n'kuiwala kuti panja pali dzuwa. Sajeni anamva kuzizira kukulowa m'maondo, n'kutukwana chamumtima. Madesiki anali awiri. Pa lina panali tepi ya apolisi. Pa linalo panali bambo wa imvi atavala juzi, amene onse ankamutchula Madala. Anali malume ake a Injiniya, ndipo ndi amene anamupezera ntchitoyo. Ataona mphwake akulowa ndi wapolisi, anaimirira, n'kukhalanso pansi.

Sajeni anamatula tepi. Injiniya anakhala pa mpando wake, n'kuloza batani la muvi woyang'ana m'mwamba.

"Ndikadina apa, ikundibwezera lamulo lomaliza. Ndikadinanso, la m'mbuyo mwake. Tikhala tikuyenda chafutambuyo."

Anadina. Lamulo lomaliza linali lochotsa fayilo ya bash ija. Anadinanso, panatuluka lamulo lalitali lofufuta za ulendo wa lole, kutsogolo kwake kuli mawu akuti sudo.

"Sudo ndiye kuti ndikulamula ngati bwana wamkulu," anafotokoza. "Popanda mawu amenewo kompyuta imakana zinthu zoopsa."

Anadina kachitatu, chala chake n'kuuma pomwepo. Pa sikirini panali kamzere kakafupi:

sudo !!

"Zimenezi sindinalembe ine," anatero. Mawu ake anali atasintha. "Sindingalembe ngakhale nditaledzera."

"Mifuwuliro iwiri yokhayo?"

"Mu bash, mifuwuliro iwiri ndiye kuti bwereza zimene ndangonena kumene. Onani apa." Anadina kachinayi, panatuluka lamulo lalitali lomwe lija, koma lopanda sudo. "Anayamba walemba chonchi, kompyuta n'kumukanira. Ndiye anafuna kubwereza ngati bwana popanda kulembanso zonse. Koma fish mifuwuliro imeneyo siidziwa. Anakakamizika kulemba zonse kuyambira pachiyambi. Pomaliza anachotsa fayilo ya bash, n'kumapita akuganiza kuti wasesa."

"Iwe ukafuna kubwereza ngati bwana umatani?"

Mtsikanayo anadina mabatani awiri nthawi imodzi osayang'ana n'komwe, ndipo sudo anadzilemba yekha kutsogolo kwa lamulo. Sajeni sanayang'ane sikirini. Ankayang'ana zala.

"Unali kuti nthawi imeneyo?"

"Ku shedi. Ndinali nditangogwiritsa ntchito sudo pa zina, foni n'kulira kuti pulinta ya ku shedi yafa ndipo lole ikudikira mapepala. Ndinathamanga osatseka kompyuta. Kulakwa kwanga n'komweko. Nditafika ndinapeza kulibe lole, kulibe munthu, pulinta yangozulidwa ku khoma."

"Anakuimbira ndani?"

"Wayilesi. Mayi wa pa telefoni uja."

Sajeni anauza kositebo amene anabwera naye kuti ajambule zonse za pa sikirini, kenako akamudikiritse mtsikanayo m'galimoto. Chitseko chitatsekeka, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Madala.

* * *

"Inunso mumalemba pa windo lakuda, bambo."

"Ndinayamba kulemba pamenepo amene akudzitcha akatswiriwa akuyamwa," anatero Madala. Ankalankhula mokoka, ngati munthu amene sanathamangirepo basi. "Koma ine za fish sindizidziwa. Mwanayu ndinamuuza, chinthu chomakumalizira mawu usanamalize kuganiza n'chamwano. Ine yanga ndi ksh, yakalekale. Siinandikhumudwitsepo."

"Mukafuna kubwereza lamulo mumatani?"

"Ndimalemba r. Chilembo chimodzi basi. Ndivutikirenji ndi mifuwuliro ngati ndikuitana ng'ombe?"

"Koma mumaidziwa."

"Kudziwa ndimaidziwa, monga ndimadziwa kuti ena amalemba ndi dzanja lamanzere. Koma mutandidzutsa kutulo, dzanja langa lipita pa r. Zimenezi si za m'mutu, mayi. Munthu akalakwitsa lamulo, zala zimakonza zokha iye asanaganize. Amene analemba apo anakhalapo zaka m'chipinda ngati chino, ndipo anakulira mu bash. Ankadziwanso kuti munthu akangogwiritsa ntchito sudo, kompyuta imakhala kanthawi osafunsanso pasiwedi. Ameneyo si wongowerenga pa foni."

"Tsiku limenelo nkhomaliro munadyera kuti?"

Madala anapukusa mutu. "Sindinadye. Ndinali pa denga, ndikulimbana ndi mlongoti wa intaneti umene mphepo inapotoza. Anyamata onse a ku shedi anali pansi pa mtengo ndi mbale zawo, akundiseka kuti nkhalamba igwa. Kawafunseni, akusekabe mpaka lero."

N'chifukwa chake ku shedi kunalibe munthu woti n'kumuona mtsikanayo. Sajeni anasunga zimenezo.

"Pa kampani pano ndani winanso amadziwa windo lakuda?"

"Palibe. Enawa kompyuta ikangozima amatiitana ngati kwagwa maliro."

"Ndiye mwatsala inu ndi mphwanu."

Bamboyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi. "Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu. Ali ndi pakamwa, zimenezo sindikana. Anatengera mayi ake. Koma kuba ayi." Anayang'ana ku chitseko, n'kutsitsa mawu. "Ine ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito, mayi. Nyumba imene ndikukhala ndi ya kampani. Munthu wa msinkhu wanga amayenda moyang'ana pansi."

Sajeni anamumvera chisoni, ndipo anamukwiyiranso pang'ono. Zonse ziwiri anazibisa.

* * *

Wayilesi sanafunike kufunsidwa. Sajeni asanakhale pansi, mayiyo anali atamuuza kale za msana wake, za mwana wake wolephera masamu, ndi za mnzake wa ku maakaunti amene amavala nsapato zobwereka. Desiki lake linali pakhomo penipeni, pakati pa telefoni ndi duwa la pulasitiki, ndipo palibe chinkadutsa pamenepo osalembedwa m'mutu mwake.

"Za pulinta? Eya, ndinaimba ndine, sindingakane, ine bodza limandiyabwa. Koma si ine ndinaiona pulintayo, a Sajeni, ine ku shedi ndikatani ndi msana umenewu? Anandiuza ndi a Manijala. Anaima pomwe mwaimapo, makiyi a galimoto ali m'manja, akuti, uzani Injiniya athamangire ku shedi, lole ikudikira, ine ndikukameta. Ndiye ine n'kuimba. Kenako akuti, inunso pitani mukadye, mwaonda. Mwaonda, ine? Chiyambire ntchito pano sanandiuzepo kuti ndikadye."

"Munapita?"

"Munthu akakupatsa mpata umafunsanso? Ndinapita. Pobwera ndinapeza galimoto yawo ikulowa pa geti. Koma a Sajeni, ndikuuzeni, ine maso anga saphonya. Anapita kukameta, anabwera ndi tsitsi lomwelo. Ndinati kapena wometayo amameta ndi pemphero."

Sajeni anaseka, poti zinali zoseketsadi, komanso poti munthu wolongolola ukamusekera amawonjezera.

"A Manijalawa anayamba kalekale pano?"

"Iwowa? Anabwera ndi ukwati. Ndi mkamwini wa Amayi, eni kampani. Amayi mwana wawo ndi mmodzi yekha, ndiye mwamuna wa mwanayo angamusiye panja? Kale ankagwira ku banki ina, kutali uko. Osati pa kauntala ayi, musaganize za tayi. Mkazi wawo anandiuza yekha kuti ali pa chibwenzi ankachita kumuperekera chakudya m'chipinda china cha pansi, chopanda windo, chozizira ngati mosungira mitembo. Munthu ankavala juzi dzuwa likuswa mtengo, chifuwa osatha. Amayi ndiwo anati mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu wokhala mu fuliji, n'kumupatsa ofesi ya kapeti. Masiku ano safuna n'komwe kuti zizitchulidwa."

Maondo a Sajeni anali asanatenthedwe chichokereni m'chipinda cha Madala. Anathokoza mayiyo, n'kufunsa kumene kunali ofesi ya kapetiyo.

* * *

Manijala anamulandira ataimirira, ndi manja awiri. Anali mwamuna wosalala, wa mafuta onunkhira, wodziwa kumwetulira ndi mano okha. Anaitanitsa tiyi Sajeni asanapemphe.

"Nkhani imeneyi yatipweteka tonse, a Sajeni. Mtsikana uja tinkamutenga ngati mwana wa m'nyumba. Koma mukudziwa, achinyamata a masiku ano amafuna kufika asananyamuke."

"Za pulinta munazimva kwa ndani?"

"Dalaivala wina anandiuza pa khonde. Sindikukumbuka kuti ndi uti, alipo ambiri. Ngati zinali zabodza, ndiye kuti anagwirizana ndi mtsikanayo kuti apeze ponamizira."

"Kenako munakameta."

"Ndinapita, koma ndinapeza mzere wautali. Ndinangobwerera."

"Inuyo windo lakuda lija mumalidziwa?"

Manijala anaseka, n'kukweza manja. "Ine? Ndimaliopa ngati njoka. Ine ndi wa malole ndi madalaivala. Kompyuta yanga ikangochita zachilendo ndimaitana Madala. Sindinakhudzepo zimene zija chibadwire."

"Chibadwire," anabwereza Sajeni akulemba. "Mungasainire mawu amenewa?"

"Ndi mtima wonse."

Anasaina ndi dzina lalikulu lokhala ndi mchira. Sajeni anapinda pepalalo bwinobwino. Ankadziwa kuti zimene anali nazo zinali tsitsi losameta ndi miseche ya Wayilesi, ndipo loya aliyense akanazipeperetsa ngati mankhusu. Kulemba ku banki ija kukanatenga masabata, pamene khoti linali mawa. Koma sanade nkhawa. Anthu onama anali atacheza nawo moyo wake wonse, ndipo ankadziwa kuti munthu sangalondere zitseko ziwiri nthawi imodzi.

"Mlanduwu watha, bambo," anatero. "Chatsala n'kukopera umboni kuchokera pa kompyuta ya mtsikanayo. Iye sangaikhudze, ndi woimbidwa mlandu. Malume ake ndi m'bale wake. Ine ndine wapolisi, loya adzati ndinaikamo zanga. Pafunika mkulu wa kampani, eni ake akuonerera. Mtsikanayo azikutchulirani chilembo chimodzichimodzi, inu muzingodina."

Kumwetulira kuja kunachedwa pang'ono, koma kunabwera. "Ngati zingathandize kuti chilungamo chioneke."

Sajeni anatuluka n'kupita ku galimoto. Anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuweramira mkati.

"Ungathe kupanga lamulo lalitali, lotopetsa, loti kompyuta ikane?"

Injiniya anamuyang'ana. "Kangati?"

"Mpaka nditakanda khutu."

* * *

Amayi anafika m'chipinda cha makompyuta atafunda shawelo. Anali mayi wamtali, wamasiye, amene anaimika kampaniyo ndi lole imodzi mwamuna wake atamwalira, ndipo sankakonda kudikira munthu. Madala anawapatsa mpando wake n'kukaima pafupi ndi kabati. Injiniya anaima kumbuyo, manja ali mu unyolo, poti Sajeni anafuna kuti Manijala auone unyolowo ndi kukhazikika mtima. Kositebo anatsamira chitseko.

Manijala anakhala pa kompyuta n'kutulutsa zala ziwiri, chimodzi ku dzanja lililonse, ngati nkhuku yotola chimanga. Ankasewera bwino, Sajeni anavomereza. Ankafunafuna chilembo chilichonse, n'kumafunsa kuti kamzere kopendekera kali pati.

Injiniya anatchula lamulolo pang'onopang'ono. Linali lalitali ngati msewu wa kumudzi. Litatha, Manijala anadina batani lotumizira, kompyuta n'kukana.

"Yati chiyani?" anafunsa mwaulemu.

Injiniya anati, "Pepani, ndaphonya chilembo. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Pakati pake mtsikanayo anasokoneza, n'kuti afufute mzere wonse. Ulendo wotsatira kompyuta inakananso. Amayi anayang'ana wotchi yawo.

"Kodi zimenezi zitha lero? Ndili ndi anthu akundidikira."

"Zitha, Amayi," anatero Manijala. Mphepo inali yozizira, koma pa mphumi pake panayamba kunyezimira. Sajeni anaona kuti zala ziwiri zija zayamba kufika pa zilembo mtsikanayo asanamalize kuzitchula, ndipo zala zinazo zatsika n'kugona pa mabatani, chilichonse pamalo pake. Anakanda khutu.

Injiniya anatchula lamulo lonse bwinobwino, lopanda cholakwika chilichonse, koma lopanda sudo. Manijala anakweza chala kuti atumize. Nthawi yomweyo Sajeni anasuntha n'kuima pambali pake.

"Bambo, ndangokumbukira. Kometera kuja ndi kuti? Ndatuma munthu kuti akafunse ngati anakuonani pa mzere."

Batani linadinidwa. Kompyuta inakana chifukwa chosowa chilolezo. Manijala anaponya diso pa sikirini kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa Sajeni.

"Ndi paja pafupi ndi, mukudziwa, pamene pali sitolo ya matayala. Koma sindinatsike m'galimoto, ndiye mwina sanandione. Ndinangoona mzere ndili pa msewu, n'kuona kuti…"

Pakamwa panali potanganidwa kumanga bodza, ndipo manja anatsala opanda mbusa. Panamveka kaphokoso kofulumira, ngati mvula yoyamba pa malata. Sajeni anagwira dzanja lamanja la Manijala lisanafike pa batani lotumizira.

"Taonani kaye zimene mwalemba."

Onse anayang'ana. Pa sikirini panali sudo ndi mifuwuliro iwiri.

Madala anavala magalasi, n'kusendera pafupi, n'kupumira m'mwamba.

"Ndani anakutchulirani zimenezi?" anafunsa Sajeni.

"Ndinaziona penapake. Mwina pa pepala lanu lija."

"Pepala langa lili ndi mawu anu okha, akuti simunakhudzepo chibadwire. Mwalemba ndi zala zonse, maso muli kwa ine. Wofufuta uja analemba zomwezi, pa mpando womwewu, kompyuta itamukanira chimodzimodzi." Anatembenukira kwa Amayi n'kuwafotokozera mwachidule za akalaliki osiyana khalidwe, za pulinta yozulidwa ndi za tsitsi. Kenako anatambasula dzanja. "Foni yanu, bambo. Tione amene munkacheza naye lole ili pa msewu."

Manijala sanapereke foni, ndipo sanakanenso. Anayang'ana apongozi ake.

"Amayi, ndikufotokozerani. Zinthu zinandithina. Mankhwalawo sanapite kutali."

Amayi anatseka maso. Mankhwala amenewo anali oti akafike kwa ana odwala, ndipo Amayiwo ndi amene anaimbira apolisi ndi pakamwa pawo. Atatsegula maso sanayang'ane mkamwini wawo, sanayang'anenso Sajeni. Anayang'ana mtsikana wa mu unyolo.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu ofewa amene palibe anawamvapo pa kampaniyo. "Ndakulakwira, ndipo ndidzakupepesa. Koma tamvera. Mwana wanga wamkazi ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Mankhwala abwerera onse, ndionetsetsa ndekha. Iwe ungonena kuti dzanja linaphonya, unafufuta mwangozi, unaopa kuulula. Ngozi samangira munthu. Mlandu ndikautseka, ntchito yako ikhalapo mpaka ukalambe. Malume akonso nyumba ija ikhala yawo."

Sajeni akanatha kuwadula, koma anawasiya amalize. Mlanduwo sunali wa Amayi kuti autseke. Komabe ku khoti kunafunika munthu woima n'kufotokoza za mifuwuliro ija, ndipo mtsikanayo akanati inali ngozi, zonse zikanagwa ngati khoma la dothi. Iye akanatuluka mfulu, koma ndi dzina la munthu wofufuta zinthu n'kubisa. Sajeni anakwiya, poti anthu ena ngakhale popepesa amabwera ndi katundu woti uwasenzere.

Injiniya anayang'ana malume ake. Bamboyo anali atayang'ana pansi, monga ananenera kuti anthu a msinkhu wake amachitira. Sajeni anayamba kutaya mtima. Kenako Madala anapisa dzanja m'chiuno, n'kumasula mpukutu wa makiyi pa lamba, wa chipindacho, wa kabati, ndi wa nyumba womwe. Anauika pa desiki patsogolo pa Amayi mosaponya.

"Mphwanga, yankha za iwe," anatero. "Ine ndinagonapo kale pa khonde, sindinafe."

Kwa nthawi yoyamba chimugwirireni, misozi ya mtsikanayo inatsika. Sanathe kuipukuta chifukwa cha unyolo.

"Amayi, mwana wanu ndikumumvera chisoni," anatero. "Koma inenso ndine mwana wa munthu. Dzanja langa silinaphonye, ndipo ku khoti ndikanena zomwezo."

Amayi anaweramitsa mutu. Anakoka shawelo n'kudziphimba kumaso.

Sajeni anatulutsa kakiyi m'thumba la malaya, n'kumasula mtsikanayo. Pa mikono panali mizere yofiira, ndipo Madala anaigwira ndi manja ake onse awiri ngati akuotha moto. Unyolo unali umodzi wokha. Sajeni anautembenuza n'kuyang'ana munthu amene anali atakhalabe pa mpando wa eni.

"Imirirani, bambo," anatero. "Bweretsani manja. Onse awiri, poti onse amadziwa kulemba."